Kulondola mapazi a William Bradford, kuchokera ku Austerfield mpaka ku Plymouth

Tsiku loyamba: Austerfield, England

Ulendowu ukudutsa maiko atatu, ndipo wa pasipoti ya Malawi amafunika maviza atatu osiyana: ya Britain, ya Schengen ndi ya America. Sitima yapamtunda yochokera ku King's Cross mu London imafika ku Doncaster maola awiri asanakwane, kenako basi ya ku Bawtry. Mudzi wa Austerfield uli chapafupi, woyenda pansi safika potopa.

Tchalitchi cha St Helena n'chaching'ono, cha miyala, chomangidwa cha m'ma 1080. Pamwamba pa khomo la kummwera pali chinjoka chosema pamwala. M'menemu ndi momwe William Bradford, mmodzi wa Angelezi amene anawolokera ku America pa chombo cha Mayflower mu 1620 n'kudzakhala bwanamkubwa wa mudzi wawo wa Plymouth, anabatizidwira pa 19 Malichi, ndipo apa pomwe ndi pamene ofufuza mibadwo amayambira kusochera. Mabuku ena amati 1589, ena 1590, koma onse sakunama. Nthawi imeneyo chaka cha ku England chinkayamba pa 25 Malichi, choncho mwana wobatizidwa pa 19 Malichi ankalembedwa m'chaka chomwe chikutha. Mwa kawerengedwe kathu ndi 1590. Tsiku lililonse la pakati pa 1 Januwale ndi 24 Malichi, chisanafike chaka cha 1752, muziliyang'ana kawiri.

Banja lake linali la alimi okhala ndi minda yawoyawo ndi nkhosa, osati olemera kwambiri koma osapempha mchere kwa mnansi. Maliro ndiwo anatsatizana. Bambo ake, nawonso William, anamwalira mu 1591 mwanayo ali ndi chaka chimodzi. Mayi ake, Alice Hanson, anakwatiwanso, ndipo mwana anapita kwa agogo ake akuchimuna. Agogowo anamwalira mu 1596, mayi mu 1597. Pofika zaka zisanu ndi ziwiri anali wamasiye wa mbali zonse, ndipo anamutenga Robert ndi Thomas Bradford. Olemba m'Chichewa asathamangire kuwatchula amalume anthu awiriwa: anali abale a bambo ake, kotero kwathu tikanati abambo ake ena. Iwo ankafuna mnyamata woti adzagwire munda. Iye anadwala nthawi yaitali ali wamng'ono, ndipo matendawo anamukhazika pansi ndi Baibulo.

Tsiku lachiwiri: Babworth ndi Scrooby

Ali ndi zaka ngati 12 anayamba kuyenda pansi makilomita pafupifupi 15 kupita ku tchalitchi cha All Saints ku Babworth, pafupi ndi Retford, kukamva ulaliki wa Richard Clyfton. Achibale anamuletsa, iye sanamve. Panalinso lamulo: wosapita ku tchalitchi cha boma Lamulungu ankalipitsidwa mapeni 12.

Scrooby ili pakati pa njira. Kumeneku kunkakhala William Brewster, woyang'anira nyumba yaikulu ya bishopu wamkulu wa ku York, yemwenso ankasunga akavalo a positi pa msewu waukulu wopita kumpoto. Kuyambira cha mu 1606 gulu lodzipatula ku Church of England linkapemphera m'nyumba imeneyi mobisa, m'nyumba ya bishopu yemwe ankamukanayo. Brewster anakhala ngati bambo kwa mnyamata wamasiyeyu, namubwereka mabuku.

Chotsala cha nyumbayo lero ndi famu ya munthu, simungalowe. Imaoneka patali kuchokera m'kanjira. Yemwe akufuna kumva nkhani yonse apite ku Bassetlaw Museum mu Retford, komwe kuli chipinda cha anthu amenewa. Matchalitchi a m'midzi muno nthawi zambiri amakhala okhoma pakati pa sabata, ndi bwino kutumiza uthenga kwa osunga makiyi masiku angapo musanafike.

Tsiku lachitatu: Boston ya ku Lincolnshire ndi Immingham

Lero pafunika galimoto ndi kulawira, chifukwa chombo cha ku Hull chimanyamuka madzulo.

Gulu la ku Scrooby linaganiza zothawira ku Holland, koma kutuluka m'dziko popanda chilolezo unali mlandu, ndiye anayesa kuzemba. Ulendo woyamba, mu 1607, anapangana ndi mwini chombo wachingelezi kuti awatengere pa kamtsinje ka pafupi ndi Fishtoft. Iyeyu anali atawagulitsa kale kwa akuluakulu a boma. Atangokwera anagwidwa, anasechedwa mpaka m'malaya amkati, nalandidwa ndalama ndi mabuku. Anakhala mwezi m'ndende, ambiri anamasulidwa, asanu ndi awiri anatsala kudikira mlandu. Ku Guildhall, komwe tsopano ndi nyumba yosungiramo zakale, amaonetsa tizipinda ta ndende. Chipilala cha ku Fishtoft n'cha 1957.

Ulendo wachiwiri, mu 1608, unalephera chifukwa cha madzi. Nyanja ya mchere imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, zomwe wozolowera nyanja ya Malawi sangaziganizire. Amuna anayenda pansi kupita pagombe la mtsinje wa Humber pafupi ndi Immingham, amayi, ana ndi katundu anabwera pa bwato. Bwatolo linafika tsiku limodzi nthawi isanakwane, mafunde anawadwalitsa, ndiye anakabisala m'kamtsinje. Kutacha madzi anali ataphwa, bwato lakhala pamatope. Chombo cha Mdatchi amene anapangana naye chitanyamula gulu loyamba la amuna, panatulukira anthu a mfuti, ena pa akavalo. Mdatchi anazula nangula n'kumapita. Amuna aja analibe ngakhale malaya osinthira, ndipo namondwe anawakankhira kufupi ndi Norway, ulendo wa masiku ochepa unatenga masabata awiri. Amayi ndi ana anawazunguliritsa kwa oweruza osiyanasiyana mpaka anangowasiya, poti kwawo anali atagulitsa kale ndipo panalibe kowabwezera.

Tsiku lachinayi: Leiden, Netherlands

Chombo chimagona panyanja usiku wonse n'kukocheza ku Europoort m'mawa. Kuchokera ku Rotterdam sitima yopita ku Leiden ndi ya theka la ola kapena kupitirira pang'ono.

Pamapeto pake othawa aja anakakumana ku Amsterdam. Atakhala kumeneko chaka chosakwana, gulu la anthu ngati 100 linapempha kukhala ku Leiden mu 1609, mbusa wawo ali John Robinson. Zonse zofunika kuona zili mozungulira Pieterskerk, momwe Robinson anaikidwa mu 1625. Moyang'anana nacho pali Jean Pesijnhofje, pamalo pomwe panali nyumba yake ndi tinyumba ta osauka a mumpingo. Kanjira kotchedwa William Brewstersteeg ndi komwe Brewster ankasindikizira mabuku oletsedwa ku England, mpaka kazembe wa mfumu James anachititsa kuti ntchitoyo itsekedwe mu 1619.

Alimi aja anasanduka aganyu a m'mafakitale a nsalu. Bradford anaphunzira kuomba nsalu yokhuthala yosakaniza thonje ndi bafuta. Atakwanitsa zaka 21, mu 1611, analandira chuma cha makolo ake, nagulitsa minda ya ku Austerfield, ndipo mu 1612 analembedwa kukhala nzika ya mzindawu. Pa 10 Disembala 1613 anakwatira Dorothy May wa ku Wisbech, mtsikana wa zaka ngati 16, ku Amsterdam. Ukwatiwo unamangidwa pamaso pa akuluakulu a mzinda, osati m'tchalitchi, ndipo mwambo umenewu anapita nawo ku America.

Kwa wofufuza, Leiden ndiye nkhokwe. Adatchi ankalemba chilichonse: ukwati, kugula nyumba, mboni, ntchito ya munthu ndi kwawo. Makaundulawa ali ku Erfgoed Leiden en Omstreken ndipo ambiri ali pa intaneti. Misampha ilipo iwiri. Alembi achidatchi ankalemba maina achingelezi monga awamvera m'khutu, choncho kusaka dzina ndi malembedwe ake enieni nthawi zambiri sikutulutsa kanthu. Yesani dzina loyamba, ntchito ndi mudzi wochokera. Wachiwiri ndi kalendala. Holland inali kale pa kalendala yatsopano, England ili pa yakale, kusiyana masiku khumi. Tsiku lomwelo likhoza kukhala 22 Julayi m'kalata yachingelezi ndi 1 Ogasiti m'kaundula wa kuno. Masiku onse otsatira muno ndi a kalendala yakale.

Chinawachotsa kuno si chizunzo, pakuti ankapemphera mwaufulu. Inali ntchito yokalambitsa msanga, ana osanduka Adatchi ndi kulowa usilikali kapena za pachombo, ndiponso pangano la mtendere wa zaka 12 pakati pa Adatchi ndi Spain lomwe linkatha mu 1621. Bradford ndi Dorothy anali ndi mwana mmodzi, John, wa zaka ngati zitatu. Anamusiya. Munthu wokula wopanda bambo ndi mayi anachitanso chomwecho kwa wake, mwina poopa kuti nyanja ingamudye.

Tsiku lachisanu: Delfshaven

Kadoko aka kali mkati mwa Rotterdam, ndipo kanapulumuka mabomba a 1940. Tchalitchi cha m'mbali mwa madzi amachitcha Pelgrimvaderskerk. Ola limodzi likwanira.

Apa ndi pomwe anakwerera Speedwell, chombo cha matani 60, pa 22 Julayi 1620, kukakumana ndi Mayflower, cha matani 180, ku Southampton. Ndalama zinachokera kwa amalonda a ku London pa pangano lowawa: sheya imodzi mapaundi 10, munthu aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo awerengedwe ngati sheya imodzi, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri chilichonse, nyumba ndi minda yomwe, chikhale cha kampani. Speedwell inayamba kudontha, anabwerera ku Dartmouth, anakonza, inadonthanso, anabwerera ku Plymouth ya ku England n'kuisiya. Bradford anati vuto linali milongoti yaikulu mopitirira msinkhu wa chombo: matanga akakoka mwamphamvu matabwa ankatseguka. Mwezi wathunthu unatayika pamenepo pamodzi ndi chakudya chake. Mayflower inanyamuka yokha pa 6 Seputembala ndi anthu 102, woyendetsa ali Christopher Jones. Pakati pa nyanja mtanda waukulu unang'aluka, anaukweza ndi chitsulo chachikulu chopota ngati jeke chomwe anachoka nacho ku Holland, n'kuuchirikiza ndi mzati. Masiku 66. Ndege ya madzulo ano kuchokera ku Schiphol ifika ku Boston ya ku America m'maola osakwana asanu ndi atatu.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi: Cape Cod

Boti lothamanga kuchokera ku Boston limafika ku Provincetown mu ola limodzi ndi theka, koma limayenda m'miyezi yofunda yokha. Nsanja ya Pilgrim Monument, ya mamita 77, inatha kumangidwa mu 1910, ndipo pamwamba pake doko lonse limaoneka ngati chikwakwa.

Ankafuna kukafika kufupi ndi mtsinje wa Hudson. Mchenga wobisika m'madzi ku Pollock Rip unawabweza, naponya nangula pano pa 11 Novembala, kunja kwa dera lomwe chilolezo chawo chinkanena. Ena anayamba kunena kuti akatsika palibe wowalamula, n'chifukwa chake amuna 41 anasaina pangano lodzilamulira tsiku lomwelo. Bwato lawo lalikulu analiphwasula kuti likwane m'chombo ndipo anthu ankagonamo panjira, kotero kulilumikiza kunatenga masabata oposa awiri, chisanu chikukulirakulira.

Ku Truro kuli chitunda chotchedwa Corn Hill. Apa anafukula chimanga chimene eni dziko anakwirira m'madengu, nkhokwe yawo ya pansi, n'kuchitenga. Anafukulanso manda. Chimangacho ndicho chinadzakhala mbewu yawo, ndipo anadzalipira patapita miyezi isanu ndi umodzi, koma tsiku lomwe anachitenga kunali kuba basi. Pa ulendo womwewo, woyamba mwa itatu yokazonda malo, Bradford anakodwa mwendo mu msampha wa agwape wa mtengo wowerama. Pa 8 Disembala, ku gombe la Eastham, Anauset, eni dziko a kumeneko, anawathira mivi. Anali ndi chifukwa: mu 1614 Mngelezi wina, Thomas Hunt, anaba anthu a m'derali n'kukawagulitsa ku Spain.

Bradford atabwerako ku ulendo wachitatu anapeza Dorothy atamwalira. Anagwa m'madzi kuchokera m'chombo chili pa nangula pa 7 Disembala. Otsogolera alendo ena amanong'ona kuti anadziponya yekha. Zimenezo zinachokera mu nthano yopeka ya m'magazini ya 1869, palibe chikalata cha nthawiyo chonena choncho.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri: Plymouth

Mwala wotchuka wa Plymouth Rock, womwe amati ndi pomwe anapondapo potsika, ukhumudwitsa aliyense. N'ngwaung'ono, uli m'dzenje lotchinga, ndipo palibe wa m'chombo amene anaulemba. Anayamba kuutchula mu 1741 ndi mkulu wina wa zaka 94, Thomas Faunce. Unasweka pakati mu 1774 poukoka, ndipo nambala ya 1620 anaizokota mu 1880. Mayflower II, yotengera chombo choyamba chija, yomwe ili padoko inapangidwa ku Brixham ku England n'kuwoloka mu 1957, koma iyi ndi yoyenera kulowamo: wamtali amayenda chowerama pamalo pomwe anthu 102 anakhala miyezi.

Malo enieni ndi Leyden Street, kuchokera kunyanja kukwera ku Burial Hill, ndi kamtsinje ka Town Brook m'munsi mwake. Anasankha pano chifukwa anapeza minda yolambula kale ndi madzi abwino. Minda yolambulayo inali ya mudzi wa Patuxet, womwe anthu ake anatha ndi mliri pakati pa 1616 ndi 1619. Dziko silinali lopanda mwini, anali mabwinja a maliro atsopano.

Anayamba kumanga pa 25 Disembala. Mu Januwale ndi Febuluwale ankamwalira awiri kapena atatu pa tsiku, ndi chibayo ndi matenda otupitsa nkhama obwera posowa zipatso ndi masamba. Nthawi ina otha kuimirira anali asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri okha. Theka la anthu linapita, ndipo pofika nthawi yokolola amayi akuluakulu otsala anali anayi. Bwanamkubwa John Carver anamwalira mu Epulo 1621 atachoka kumunda, ndipo anasankha Bradford, wa zaka 31, yemwenso anali asanachire bwino. Anakhala pampandowo zaka zoposa 30, akusankhidwa chaka ndi chaka.

Pa 22 Malichi 1621 anapangana za mtendere ndi Ousamequin, mfumu ya Awampanoag yomwe mabuku amaitcha Massasoit. Mfumuyi sinabwere mwachifundo chabe: mliri unafoola anthu ake koma sunakhudze adani ake, Anarragansett, ndiye ankafuna abwenzi a mfuti. Womasulira anali Tisquantum wa ku Patuxet, mmodzi wa obedwa ndi Hunt aja.

Ku Plimoth Patuxet Museums, makilomita angapo kummwera, kotsegula kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Novembala, amalima monga Tisquantum anaphunzitsira. Mlimi wa kwathu sangadabwe: chimanga, nyemba zoyanga pa phesi, maungu pansi. Kusiyana n'kwakuti salima mizere koma milu ya dothi, ndipo pa phando lililonse amakwirira nsomba ziwiri kapena zitatu. Nsombazo zimakwera Town Brook mu Epulo kudzaswana, ngati mpasa m'mitsinje ya kwathu. Munda umafunika kulondera usiku masiku 14 mpaka nsomba zitaola, apo ayi mimbulu ifukula. Chaka choyamba anabzala maekala 20 a chimanga ndipo chinachita bwino. Maekala asanu ndi limodzi a balere ndi nsawawa zachizungu sanapindule nawo kwenikweni, nsawawazo zinabzalidwa mochedwa n'kupsa ndi dzuwa. Phwando la zokolola lomwe Aamerika amakumbukira pa tsiku la Thanksgiving linali la masiku atatu, Ousamequin anabwera ndi amuna 90 ndi agwape asanu.

Kulima pamodzi kunakanika, anyamata ankadandaula kugwirira ntchito akazi ndi ana a eni. Mu 1623 Bradford anagawa munda ku banja lililonse, wongolima osati wosiyira ana, ndipo zokolola zinakwera. Ngongole ndiyo inakakamira. Katundu woyamba wotumizidwa ku London, zikopa za beaver (kanyama ka m'madzi ka ubweya) ndi matabwa a mapaundi 500, analandidwa ndi Afalansa panyanja. Mu 1627 Bradford ndi anzake asanu ndi awiri anasenza ngongole ya mapaundi 1,800, yobweza 200 pa chaka, posinthana ndi ufulu wonse wa malonda a zikopa. Chaka chomwecho anagawana ng'ombe ndi mbuzi m'magulu 12 a anthu 13, ndipo mndandanda umenewo ndi kalembera wabwino koposa wa mudziwu. Nkhani ya ngongole inatheratu cha m'ma 1648.

Pa Cole's Hill pali chiboliboli cha Massasoit ndi chikwangwani chokumbutsa kuti kuyambira 1970 eni dziko amasonkhana pano pa tsiku la Thanksgiving kudzalira. Ulamuliro wa Bradford si woyera. Mu 1623 mkulu wa asilikali, Myles Standish, anapha amuna angapo a eni dziko ku Wessagusset, ndipo mutu wa mmodzi wa iwo, Wituwamat, unapachikidwa pa linga la pa Burial Hill.

Tsiku lachisanu ndi chitatu: Kingston, za mbumba yake

Alice Carpenter, mkazi wamasiye wa Edward Southworth wa mumpingo wa ku Leiden, anafika pa chombo cha Anne mu Julayi 1623, ndipo pa 14 Ogasiti anakwatirana ndi Bradford. Ana ake awiri, Constant ndi Thomas Southworth, anabwera pambuyo n'kukulira pakhomo pomwepo. Bradford ndi Alice anabereka William mu 1624, kenako Mercy ndi Joseph. John uja anawoloka patapita zaka zingapo, anakwatira Martha Bourne, nasamukira ku Norwich ku Connecticut, ndipo sanasiye mwana. Choncho aliyense wonena kuti ndi mdzukulu wa Dorothy walakwitsa penapake.

Zidzukulu zambiri zimadzera mwa William wamng'ono, yemwe anakwatira katatu n'kubereka ana oposa khumi. Apa maina a William, John, Samuel ndi Alice amabwerezedwa m'badwo uliwonse, ndipo mitengo ya mabanja ya pa intaneti imasakaniza bambo ndi mwana. Njira yodalirika ndi kuyambira kwa inu kubwerera m'mbuyo, m'badwo uliwonse ndi chikalata chake cha kubadwa, ukwati, imfa kapena wilo, mpaka mukalumikize ku mabuku a mibadwo isanu yoyamba a General Society of Mayflower Descendants, bungwe la 1897 lomwe likulu lake lili ku Plymouth.

William ameneyu anatsogolera asilikali a Plymouth pa nkhondo ya m'dambo ku Rhode Island pa 19 Disembala 1675, ndipo chipolopolo chimene anawomberedwa anafa nacho m'thupi. Tsikulo ankamenyana ndi Anarragansett, mkati mwa nkhondo yaikulu yolimbana ndi Metacom, mwana wa Ousamequin. Abambo anapangana mtendere, ana anaphana. Mutu wa Metacom unapachikidwa ku Plymouth mu 1676, mkazi wake ndi mwana anagwidwa, mwanayo n'kugulitsidwa ukapolo. Ku Kingston, pafupi ndi mtsinje wa Jones komwe banjali linali ndi munda, kudakali nyumba ya Major John Bradford, mdzukulu wa bwanamkubwa.

Bradford mwiniwake anakalamba akudandaula kuti anthu akubalalikira ku Duxbury, Marshfield ndi Eastham kutsata msipu wa ng'ombe, mpingo n'kutsala ngati mayi wosiyidwa ndi ana. Anayamba kuphunzira Chiheberi. Anamwalira pa 9 Meyi 1657, Alice mu 1670. Chipilala cha pa Burial Hill chinaikidwa patadutsa zaka zoposa zana limodzi ndi theka. Baibulo lake ndi mpando wake zili ku Pilgrim Hall Museum.

Tsiku lachisanu ndi chinayi: Boston

State Library ili m'nyumba ya malamulo ya Massachusetts, pa Beacon Hill. Muno ndi momwe muli buku lolemba pamanja la Bradford, Of Plymouth Plantation, lomwe analiyamba mu 1630 n'kulisiya cha mu 1651. Pafupifupi zonse zodziwika za Scrooby, Immingham ndi ulendo wa panyanja zimachokera m'menemu. Linadutsa m'manja mwa mwana, mdzukulu ndi mdzukulutuvi, kenako m'busa Thomas Prince analisunga m'nsanja ya tchalitchi cha Old South. Linasowa pa nthawi ya nkhondo ya ufulu wa America, n'kudzapezeka mu 1855 m'laibulale ya bishopu wa London ku Fulham Palace. Linasindikizidwa mu 1856 ndipo linabwezedwa kuno mu 1897. Lenilenilo saliika poyera kawirikawiri, koma zithunzi za masamba ake zili pa intaneti ndipo zolemba zake n'zowerengeka bwino.

Tsegulani kumapeto. Kuli mndandanda wa onse okwera Mayflower, banja ndi banja, ndi zomwe zinawachitikira m'zaka 30: wakuti anamwalira m'chisanu choyamba, wakuti ali ndi zidzukulu zingapo. Pofika pa dzina lake, munthu amene analemba masamba ambirimbiri za ngongole ndi zikopa anangoti mkazi wake anamwalira atangofika, iye anakwatiranso, ali ndi ana anayi, atatu mwa iwo ali pabanja.